Mwera Ukawomba, Malipenga Amalira

Tsiku lina m'teremu yachitatu aphunzitsi athu a Geography anatiwonetsa zithunzi za chikondwerero cha nyengo yozizira cha mumzinda wa Quebec, ku Canada. Chikondwererochi chinakhazikika mu 1955 ndipo chimachitika kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale. Anthu kumeneko amamanga chinyumba chachifumu cha madzi oundana, amapikisana pa mabwato powoloka mtsinje wa St. Lawrence uli wodzaza ndi zibuma za ayezi, ndipo amavina panja usiku ngati kuti kuzizirako sakukumva. Mnzanga wina wa ku Dedza, amene sachedwa kuponya mawu, anati: "Koma azungu! Ife kuno chisanu chikafika timangofunda bulangete n'kumawotcha mbatata basi." Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinakweza mkono kuti nditsutse, koma belu linandilanda mawu m'kamwa. Tsono yankho langa ndi ili, ndipo ndapempha akonzi kuti andipatse malo okwanira.

Ine kwathu ndi kumpoto kwa Nkhotakota, kupitirira Dwangwa ukamaloza ku Dwambazi, kumene Chichewa ndi Chitonga zimadyera mbale imodzi. Ndivomere msanga kuti chisanu cha kunyanja sichingafanane ndi cha ku Dedza. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene tawuni ya Dedza ili pa mamita opitirira 1,500. Mnzanga uja atabwera kwathu mu Julaye angamayende chifuwa chili pamtunda, ife titavala majuzi. Chimene chimatiuza ife kuti nyengo yasintha ndi mphepo ya mwera.

Mwera umayamba cha mu Meyi ndipo umalekeza cha mu Sepitembala. Umachokera kumwera chakum'mawa, ndipo popeza nyanja yathu ndi yaitali kuchokera kumwera kupita kumpoto, mphepoyi imayenda mtunda waukulu pamwamba pa madzi popanda phiri loitchinga. Ikamafika kwathu mafunde amakhala atakula kale. Ukavuta mwera, masiku atatu kapena anayi amatha bwato losalowa m'madzi, ndipo msodzi wochita makani amasiya ana amasiye. Nyanjayi sionera nkhope: mu Sepitembala 1895 inamiza Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican, amene manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints pa Nkhotakota.

Tsono taonani mmene zinthu zimakumanirana. Asodzi ali pamtunda, akusoka makoka ndi kucheza. Mpunga wamwetedwa, wapunthidwa, uli m'matumba. Kumunda kulibe ntchito yothamangitsa munthu, poti chinangwa chimadikira mwini wake m'nthaka momwemo. Mvula kulibe, kotero njira n'zouma, mitsinje yaphwera, ndipo mlendo angathe kugona pakhonde osanyowa. Anthu ali ndi nthawi, ali ndi chakudya, ali ndi njira. N'chifukwa chake maukwati, ziliza, sadaka ndi zinamwali zimawunjikana m'miyezi imeneyi. Si kwathu kokha ayi. Umthetho wa Angoni a ku Mzimba, Mdauku wa Atonga ku Chintheche ndi Kulamba kwa Achewa ku Mkaika m'dziko la Zambia, zonsezi zimachitika mu Ogasiti. Koma msonkhano umene ife akunyanja timaudikira ndi mtima wonse ulibe chikwangwani, ulibe mlendo wolemekezeka wochokera ku Lilongwe. Ndi ulendo wa malipenga.

Ambiri mwa inu malipenga munawaonera pa wailesi yakanema kapena pa bwalo la masewero tsiku la ufulu, amuna ovala zoyera akuvina mphindi khumi n'kutuluka. Kumeneko n'kulawa chabe. Gule ameneyu ali ndi mbiri yake ndi malamulo ake.

Gwero lake lili kutali, ku gombe la nyanja yamchere ya India. Cha m'ma 1890 anyamata a ku Mombasa ndi ku Lamu anayamba magulu ovina motsanzira mabandi a asilikali a azungu, ndipo gule wawoyo anamutcha beni. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, 1914 mpaka 1918, amuna a kuno analembedwa usilikali mu King's African Rifles, ndipo ena ochuluka zedi anagwidwa kuti akhale amtengatenga. Nkhondoyo inafika ngakhale pa Karonga mu Sepitembala 1914. Amene anapulumuka anabwerako ataona perete, ataona mizere ya asilikali, atamva malipenga a mkuwa ndi ng'oma zazikulu, ndiponso ataona beni. Atafika kwawo, dera lililonse linaphika mbewuyo mwa njira yake. Kwa Ayao dzina la beni linakhalabe. Ku Dowa, ku Ntchisi, ku Kasungu ndi ku Likoma kunabadwa mganda. Ku migodi ya ku Zambia kunamveka kalela. Pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay ndi ife a kumpoto kwa Nkhotakota kunakhazikika malipenga. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger analondola ulendo wonsewu m'buku lake la mu 1975.

Gulu la malipenga limatchedwa boma. Musasokonezeke: boma limeneli si la a DC, koma dzinalo analitenga komweko mwadala. Boma la kwathu lili ndi Kingi, amene savina koma amakhala pampando atavala jekete ndi chipewa. Pansi pake pali kaputeni ndi sajeni oyang'anira mizere, pali mlembi ndi msungichuma, palinso dokotala. Dokotala ameneyu sanapiteko ku sukulu ya zachipatala. Ntchito yake ndi kuyenda m'mizere gule asanayambe, kuyang'ana zikhadabo, kolala ndi nsapato, ndipo amene wapezeka ndi litsiro amamutulutsa anthu akuona. Bambo woyang'anira mwambo pano pa seminale akanakhala dokotala wa boma wabwino kwambiri, ndipo ndanena izi mwaulemu.

Chovala ndi kabudula woyera, malaya oyera, masitonkeni oyera ofika m'mawondo, tayi ndi nsapato zopolishidwa. Zovalazi amazichapa, n'kuziviika m'madzi a ufa wa chinangwa kuti ziume gwa, kenaka n'kuzisita ndi simbi yamakala mpaka mzere wa kabudula ukhale wakuthwa ngati lumo. Kale zovala zoterezi zinkabwera m'masutikesi a amuna ochokera ku Joni ndi ku Salisbury, ndipo boma lovala bwino linkasonyeza kuti mudziwo uli ndi ana ogwira ntchito kunja. Njira ya Wenela inatsekedwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi opitirira 70, koma ulendo wa ku Joni sunathe. Lero anyamata amapita okha pa basi, ndipo ndalama za yunifolomu zimafika pa foni.

Nanga lipengalo? Apa ndi pamene alendo ambiri amanamizika. Lipenga lathu si la mkuwa ndipo saliwuzira ngati la asilikali. Ndi mphonda youma ya khosi lalitali, imene anzathu a mganda amaitcha badza. Amaiboola kumimba kuti mawu azitulukira, amaboolanso pambali pa khosi poika pakamwa, ndipo kunsonga amamatako kachikopa kopyapyala. Kale kachikopako kankachokera pa kathumba koyera kamene kangaude amatchingira mazira ake. Masiku ano ambiri amangodula kapepala ka pulasitiki. Woimba amang'ung'udza nyimbo m'mphondamo, kachikopa kaja kamanjenjemera, ndipo mimba ya mphonda imakuza mawuwo. Mphonda yaing'ono imalira mokweza, yaikulu imalira mwa besi. Inu a kwaya mwamva kale chimene ndikutanthauza: ndi kwaya ya mawu atatu kapena anayi, yongosowa zilembo. Pansi pa zonsezi pamagunda ng'oma yaikulu ya zikopa ziwiri, imene usiku wopanda mphepo imamveka mudzi wachitatu, ndi ting'oma tating'ono toithira ndemanga.

Kavinidwe kake n'kodekha. Wovina malipenga sathamanga, sadumpha ngati wa ingoma. Amaponda pang'onopang'ono, amawerama, amatembenuka, amanyamula phazi ngati pansi pali mazira, nkhope ili duu ngati sakuona anthu amene akumukuwira. Luso lagona pakuti mzere wonse uchite chinthu chimodzi pa kamphindi kamodzi, ndi kuti munthu atuluke m'bwalo la fumbi masitonkeni akadali mbee. Ophunzira akhala akutsutsana ngati makolo athu ankasirira azungu kapena ankawanyogodola. Nditawafunsa agogo anga aamuna, amene anaimba ng'oma yaikulu zaka zambiri, anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Mdzukulu, mzungu ankati ife ndife auve ndiponso osamva lamulo. Tsono ife tinkavala kuyera kuposa iyeyo, n'kuyenda mzere wowongoka kuposa asilikali ake, popanda wotikwapula. Iwe ukuti kumeneko n'kusirira kapena n'kunyoza?" Sindinawayankhe, ndipo mpaka lero ndikuganiza kuti zonse ziwiri zilimo.

Koma mtima wa nkhani yanga suli pa zovala kapena pa mphonda. Boma silivina lokha. Mlembi amalemba kalata kuitana boma la mudzi wina, nthawi zina awiri kapena atatu, kuti abwere tsiku lakuti. Oitanidwawo sabwera ovina okha. Amabwera ndi akazi awo, amene ali ndi gule wawo wa chiwoda, amabwera ndi ana, ndi onyamula ng'oma, ndi ena ongotsatira fumbi. Onsewo mudzi woitana uyenera kuwagoneka ndi kuwadyetsa masiku onse a gule. Palibe mlendo amalipira kanthu. Malipiro ake ndi akuti chaka chamawa kapena chinacho iwonso adzakuitanani, ndipo adzakudyetsani monga munawadyetsera. Paja akulu anati chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana. Kunena mosabisa, malipenga ndi ngongole imene midzi imapatsirana, ndipo kuvinako ndi chikondwerero cha tsiku lobweza.

Ngongole imeneyi ndinaiona kulemera kwake mu 2024. Chaka cha 2023 boma la kwathu linakavina kumudzi wina kutsidya kwa Dwambazi, ndipo anthu anabwerako akusimba za mbuzi ziwiri ndi mpunga wosatha. Tsono inali nthawi yathu yobweza. Koma kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, anthu zikwizikwi a m'dera la Mfumu Kanyenda anasowa pokhala, ena anataya miyoyo. Chaka chomwecho nyanja inakwera kwambiri ndi kumiza minda ya m'mphepete. Mudzi wathu nyumba zinapulumuka, koma mpunga wa kudambo unapita, ndipo chinangwa chambiri chinawolera pansi, poti chinangwa sichigwirizana ndi madzi oima.

Nditafika pa tchuthi kumapeto kwa Julaye ndinapeza mudzi utagawanika. Amalume anga, amene ndi msungichuma wa boma, ankati kalata isapite. Ankawerenga pa zala: alendo sangachepere 60, kudya kawiri pa tsiku, masiku atatu, pamene m'nyumba zina ana akugona ndi phala. Amati anzathuwo amva za madzi, adzamvetsa. Agogo ndi akuluakulu ena ankati ayi. Mudzi umene wadya kwa anzake n'kukhala chete umatchuka msanga, ndipo mbiriyo simathera pa gule: imafika pa maliro, pa maukwati, ngakhale pa kubwerekana makoka. Ine ndinali mbali ya amalume, ndipo ndinanena mokweza kuti kuvina anthu ali ndi njala n'kupanda nzeru. Agogo anangoti, "Aseminale alankhula," anthu n'kuseka, ine n'kukhala pansi makutu akutentha.

Amene anamanga mfundo ndi amayi a m'mudzi, ndipo n'koyenera, chifukwa mtolo wonsewo amausenza ndiwo. Anati alendo abwere, koma masiku awiri m'malo mwa atatu, ndipo mbuzi isafe. Adya zimene ife tikudya. Nyumba iliyonse inasonkha beseni la ufa wa kondowole ndi nkhuni. Amene anali ndi ana ku Joni kapena ogwira ntchito m'minda ya nzimbe pa Dwangwa anasonkha ndalama za mchere, sopo ndi shuga wa thobwa. Mwera utapuma masiku awiri asodzi analowa m'madzi ndi chilimira ndipo usipa umene anabwera nawo sanagulitse. Mayi anga anatulutsa ndowa ya mpunga imene ankasungira ulendo wanga wobwerera kuno. Sanandifunse, ndipo ine ndinaona koma ndinangoti kukamwa tseke.

Amene sanaphikeko kondowole sangadziwe kuti ntchito yake imayamba sabata yathunthu alendo asanafike. Chinangwa chiyenera kukumbidwa, kusendedwa, kuviikidwa m'madzi masiku atatu kapena anayi kuti ululu wake uchoke, kuyanikidwa, kusinjidwa ndi kusefedwa. Pophika pamafunika mkono wamphamvu chifukwa nsima yake ndi yonanda. Amuna amene amayamikiridwa m'bwalo chifukwa cha zovala zoyera sanachape okha zovalazo. Ichi ndi chinthu chimodzi chimene sindigwirizana nacho m'mwambo wathuwu, ndipo ndinaona kuti pa mayina onse amene Kingi anathokoza pamapeto panalibe la mayi ngakhale mmodzi.

Alendo anafika Loweruka m'mawa. Anatsika lole patali ndi mudzi, n'kulowa m'tchire kukavala, chifukwa boma sililowa m'mudzi wa eni ngati anthu obwera kumsika. Tinayamba kumva ng'oma, kenaka malipenga, kenaka tinaona mbendera yawo ikutuluka m'mitengo ya mango, mizere iwiri yoyera ili pambuyo. Ana onse anathamangira komweko. Boma lathu linakawachingamira panjira, ma Kingi awiri anapatsana moni wa chisilikali, ndipo mlembi anawerenga mayina: uje ndi uje agona kwa akuti, uje ndi uje kwa akuti. Kwathu kunabwera amuna anayi, ndipo ine ndinasamukira kukhitchini. Ntchito yanga masiku awiriwo inali kutunga madzi osamba ndi kukoleza makala a simbi.

Masana maboma amalowa m'bwalo mosinthana. Palibe woweruza wokhala ndi pepala ndi pensulo. Oweruza ndi anthu: kumene kwapita nthungululu zambiri, kumene amayi akuthamangira kukapukuta thukuta ovina ndi kuwasupa, ndiye kumene kwapambana, ngakhale kuti madzulo mbali iliyonse imanena kuti yapambana ndiyo. Amuna akapuma amalowa amayi ndi chiwoda, atamanga nsalu zofanana, ndipo nyimbo zawo n'zimene anthu amazitchera khutu kwambiri, chifukwa m'menemo ndi mmene mumatuluka nkhani za m'mudzi: mwamuna amene anapita ku Joni n'kuiwala kwawo, wamalonda wa sikelo yobera, ndipo chaka chimenecho, madzi. Amayi achilendowo anabwera ndi nyimbo yotipepesa ife pa za chigumula. Ndinaona amalume, omwe aja ankakana kalata, akutulutsa ndalama m'thumba n'kukasupa.

Kunja kwa bwalo kumakhala msika wosaitanidwa: nzimbe, mbatata yootcha, zitumbuwa, mandasi, kanyenya. Achibale amene anaonana komaliza pa maliro amapeza mpata wocheza popanda misozi. Akuluakulu amakhala pansi pa mtengo n'kumaliza nkhani za malire a minda ndi za malowolo. Kwathu kuli Akatolika, a Anglican, a CCAP ndi Asilamu, ndipo m'mzere wa malipenga simungawasiyanitse. Chimene amayi amasamala n'chakuti nkhuku azinge ndi Msilamu kuti aliyense adye momasuka. Anyamata ndi atsikana nawonso amaonana, ndipo maukwati ambiri a kwathu anayambira pa gule.

Pamenepa makolo amene mukuwerenga mukuti, "Nanga usiku?" Funso lanu n'loona ndipo sindilizemba. Dzuwa likalowa ng'oma yaikulu imapuma, ndipo pamabwera ena ndi zokuzira mawu ndi jenereta amene alibe nawo ntchito malipenga. Kachasu amagulitsidwa kuseri kwa nyumba. Atsikana ena asukulu amene amapita kokaonera gule mu Ogasiti sabwerera m'kalasi mu Januwale. Boma lili ndi chindapusa kwa wovina amene waledzera atavala yunifolomu, koma lilibe mphamvu pa anthu ongobwera. Chaka chimenecho a mfumu analamula kuti zokuzira mawu zizime 9 koloko, ndipo zinazimadi, ngakhale anyamata anadandaula kuti mudzi wasanduka seminale.

Lamulungu titatuluka m'mapemphero anavinanso mpaka dzuwa kupendeka. Potsazika, Kingi wa alendo anaimirira. Ife tinkayembekeza mawu aulemu a masiku onse. Iye anati anamva za madzi ndipo ankaganiza kuti kalata sibwera. Itafika, anthu ake anagwirizana kuti asabwere manja lende. Anakodola anyamata ake, ndipo anatsitsa m'lole mitolo ya mbewu ya chinangwa, yodula kale, yokwanira nyumba iliyonse imene munda wake unawola. Anali ataibisa pansi pa lona masiku awiri onsewo kuti tisaganize kuti abwera kudzalipira nsima. Agogo sanandiyang'ane n'komwe, ndipo kusandiyang'anako ndinakumva kuposa mawu.

Patangopita masabata ochepa, mu Sepitembala 2024, ku Nkhotakota komweko kunachitika chikondwerero cha Lake of Stars pa Fish Eagle Bay. Chikondwererochi chinayamba mu 2004 ku Chintheche ndipo chimakoka oimba ndi alendo ochokera m'maiko ambiri. Chimenecho ndicho chingafanane ndi cha ku Quebec chija, ndipo sindichinyoza: amalonda amapeza ndalama, dzina la Nkhotakota limamveka kutali. Koma kumeneko umagula tikiti, umaonera, umapita kwanu, ndipo palibe amene akukudikira chaka chamawa kuti udzamuphikire.

Chodetsa nkhawa kwathu n'chakuti mizere ikufupika. Agogo amati m'nthawi yawo mwana ankayamba wanyamula madzi a ovina zaka zingapo asanaloledwe kugwira lipenga. Mu 2024 m'boma lathu munali amuna 18, ndipo ochepera zaka 30 anali atatu okha. Enawo ali ku Joni, ku Mzuzu, ku Lilongwe, kapena, monga ine, kusukulu. Tchuthi chisanathe ndinapempha agogo kuti andiphunzitse. Anandipatsa mphonda yaing'ono kwambiri, ya mawu okweza, ndipo sabata yoyamba agalu okha ndiwo ankandiyankha. Ndinabwera nayo kuno, ili m'sutikesi, ndipo amene mumamva kaphokoso kuseri kwa holo Loweruka madzulo mwadziwa tsopano kuti si mavu.

Chinangwa chija chinamera. Kalata yochokera kutsidya kwa Dwambazi inafika kale, ndipo amalume andilembera kuti dzina langa lili pa mndandanda wa opita, kumapeto kwa mzere wachiwiri. Mnzanga wa ku Dedza ndamupempha kuti tidzapitire limodzi. Juzi asavutike nayo, koma asaiwale mbale ndi mkeka, ndipo ayambiretu kuphunzira kumeza kondowole osatafuna.